Nkhondo ya Matewera a Gendhis

Tcherani khutu, inu amene munabereka ndi inu amene mumangonyamula ana a anzanu, mumve za chaka chimene mvula inachedwa ku Sidoarjo, chaka chimene ngolo ya zinyalala inkalowa m'kanjira kathu Lolemba ndi Lachinayi lokha, ndipo aboma anatchinga mlatho ndi waya kuti munthu asaponyenso thewera mumtsinje. Deti musafunse, panalibe mayi wa nthawi yoyang'ana kalendala.

M'masiku amenewo kunali Ngatmini, Namondwe wa Mumsika, Iye Amene Ogulitsa Tsabola Amabisa Sikelo Akamva Patapata Wake. Anali ndi mwana wa miyezi isanu ndi itatu, Gendhis, kamunthu kopanda dzino koma kodzaza matewera otaya asanu ndi limodzi dzuwa lisanalowe. Matewerawo Ngatmini ankawaunjika m'thumba lopachika pa msomali wa pakhoma, kudikira ngolo. Kuseri kwa khomalo kunali Pak Sukirno, ndiko kuti Bambo Sukirno, Mlonda wa Mphika Wosazizira, wogulitsa soto, msuzi wa nkhuku umene anthu ankaulondola kuchokera kutsidya kwa njanji.

Likafika Lachitatu, fungo linkakwera khoma ngati gulu lankhondo, nkutsikira m'mbale za makasitomala. Amuna amphamvu, oyendetsa njinga zamoto, ankasiya msuzi pakati nkuthawa osacheuka.

Tsiku lina masana Pak Sukirno anasonkha moto wa masamba, natola nsungwi yaitali, nakola thumba lija. Ngatmini anatuluka ali ndi chipande m'manja, mwana ali m'chiuno.

"Mbak Ngatmini, mlongo wanga," anatero mkuluyo atakweza nsungwi ngati mkondo, "zaka makumi awiri ndaphika pano. Ndapirira chigumula, ndapirira kukwera kwa anyezi, koma thumba ili lokha landigwaditsa. Lero lipsa."

"Lipse ndi matako a mwana wanga omwe? Pak Kirno, imvi zonsezo simudziwa kuti ukaotcha thewera mwana amatuluka matuza?"

"Zimenezo n'zakale. Moto uli kuno, mwana ali uko."

"Chabwino. Yambani mwaotcha kabudula wanu, tione ngati mukhale pampando mawa."

Anakokana nsungwi, thumba linang'ambika, ndipo thewera limodzi, msilikali wosadziwika dzina, linagwera pamoto nkupsa ndi utsi wakuda. Anthu a m'kanjira monse anatuluka kudzaona. Ngakhale amphaka anatsika pamadenga.

Kuyambira pamenepo Ngatmini anakonza nzeru ya nkhondo. Anati mdani asapezenso chogwira: matewera achepe. Amene ankasintha mwana kasanu ndi kamodzi anayamba kumusintha katatu, thewera nkumalendewera ngati thumba la mpunga wonyowa. Iye ankadziyamikira kuti wapha mbalame ziwiri ndi mwala umodzi: fungo lachepa, ndalama ya sopo yapulumuka.

Patsiku lachitatu Gendhis anadzuka akulira, kumbuyo kuli psuu ngati tsabola.

Ngatmini sanavale ndi mpango womwe. Analowa kwa Pak Sukirno, anadutsa pakati pa makasitomala, natembenuza mwana pamaso pa mphika.

"Onani ntchito yanu, Pak. Onani bwino, musayang'ane kudenga."

Mlonda wa Mphika, yemwe uja ankati n'zakale, anakhulupirira pomwepo kuti ndi moto wake uja. Madzulo ake anthu anamuona atagwada pa phulusa la masiku atatu, akulithira madzi oundana a m'tiyi wa makasitomala, uku akulipemerera ndi chikupizo choyatsira makala, kuti mwana azizidwe.

M'mawa mwake anatengana onse awiri kupita kwa mzamba, Bu Wartinah, Mayi Wosaseka, amene anagwira theka la anthu a m'kanjira kathu tsiku lobadwa. Iye anayang'ana mwana kamodzi kokha.

"Mukumusintha kangati?"

"Katatu," anayankha Ngatmini, mawu atatsika.

"Kutentha kuno? Moto umene waotcha mwanayu ndi mkodzo wake womwe. Muzimusintha akangonyowetsa, mumutsuke, mumusiye apitidwe mphepo. Nanga bambo awa akulira chiyani?"

"Utsi, Bu," anatero Pak Sukirno.

Pobwerera Ngatmini anayenda ndi Pak Sukirno mpaka pa mzikiti. Kulakwa anakuona, koma kupepesa ndi katundu amene sanagulepo. Chinamuvuta n'chakuti matewera tsopano achuluka kuposa kale, ngolo ikadali ya kawiri pa sabata, ndipo khoma ndi lomwe lija.

"Pak Kirno, chidebe cha penti chili kuseri kwanu chija, chachivundikiro cholimba."

"Ndimasungiramo makala."

"Makala alibe mphuno, agona panja. Ndikufunanso masese onse a khofi amene mumataya, ndi phulusa la pa mbaula."

"Inu mupereka chiyani?"

"Bibi ndizikokolola kaye m'chimbudzi. Thewera ndizilikulunga zolimba, kulimanga m'kajumbo ka kumsika, pansi phulusa, pamwamba khofi, nkutseka. Chidebe chikhala pamthunzi, mbali yanga."

"Ndipo ngolo ikabwera muchitsuka ndi sopo, nkuchiyanika."

"Ndichitsuka. Koma kuchinyamula mpaka pa ngolo ndi inu. Ndipo machesi anu asadzayandikirenso chinthu cha mwana wanga."

"Mzamba wanena kuti si moto."

"Mzamba wanena zake. Ine sindiyesa kawiri."

Anayesa masiku anayi, chidebe chili chotseka, mwana akusinthidwa nthawi yake. Kufiira kunazilala. Oyendetsa njinga anabwerera mmodzimmodzi, akununkhiza mpweya ngati anthu obwerera kumudzi nkhondo itatha.

Pangano linasindikizidwa Lamlungu. Anaphika mpunga wachikasu nauumba ngati phiri, anayala mphasa m'kanjira, ndipo chidebe, chotsukidwa mpaka kuwala, anachikhazika pampando wapulasitiki atachiveka nkhata ya maluwa. Mboni zisanu ndi ziwiri zinadutsa pamzere, aliyense nkuwerama, kukoka mpweya, nkulengeza kuti akumva khofi basi. Nsonga ya phiri la mpunga, imene amapatsa wolemekezeka, anaiika pa chivundikiro.

Pak Sukirno anaimirira atavala malaya ake a ku maukwati, nayamba kulankhula za mtendere wa mibadwo ndi mibadwo. Ali pakati pa mawu, Gendhis anasiya kusewera. Anakunga tizibakera, nkhope inafiira, maso anayang'ana kutali ngati mfumu yoganizira dziko. Anthu onse anadikira mwaulemu mpaka anamaliza.

Ngatmini anasuzumira m'thewera, nagwedeza mutu.

"Zolankhula mumaliza bwino, Pak. Chotsani mpungawo, mutsegule."