Gwetsaniko Netiweki Tsiku Limodzi, Bwana

Kwa Bwana Mkulu wa Banki Yaikulu,
amene mabanki ena onse amakugwadirani.

Bwana,

Chipewa ndavula, ngakhale simukundiona. Ndine nkhalamba yopuma pa ntchito ya umesenjala. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, aphunzitsi atatopa nane ine ndisanatope nawo, choncho mukapeza chilembo chopendama mungochidutsa.

Ndalemba kuti ndithokoze. Ndinamva pa wailesi kuti mwalamula mabanki onse asinthe makina, zonse zizichitikira pafoni, ife okalamba tisamazunzikenso pamzere. Mwatiganizira kwambiri. Kungoti munaiwala kutifunsa ngati mzerewo unkatizunzadi.

Mwezi ukatha, tinkakalandira penshoni ku nthambi ya banki ili pafupi ndi siteji ya mabasi. M'katimo munali benchi yaitali, yosalala chifukwa cha matako athu. Wina akaitanidwa, tonse tinkasuntha pamodzi ngati mbozi. Pa benchi imeneyo ndi pomwe ndinakumana ndi mayi wina wamasiye, wopuma pa ntchito ya kuchipatala, amene tonse timangowatchula kuti Anamwino. Tsiku loyamba anandiyang'ana mapazi n'kundiuza kuti atupa, ndisiye mchere. Bwana, chimwalirireni mayi a ana anga, palibe munthu anali atayang'anapo mapazi anga.

Apa ndiyenera kuyamikira makina anu akale. Ankagwa mokhulupirika. Mtsikana wa pawindo ankangokweza mapewa kuti netiweki yathawa, anzathu n'kuyamba kutukwana, ine mumtima ndikuimba nyimbo ya mayamiko. Ikachedwa kugwa, ine ndi Anamwino tinkauza otitsatira kuti adutse, ife si achangu. Anthu ankatitama kuti ndife opemphera.

Tsono ndi mantha onse, ndiloleni nditule madandaulo anga.

Loyamba ndi benchi. Mwezi womwe ndinalimba mtima kuti ndiwauze Anamwino zakukhosi, ndinameta bwino, n'kudzipopera mafuta onunkhira a mwana wanga osamuuza mwini wake. Kufika, benchi kulibe. Pamalo pake pali maluwa a pulasitiki ndi chithunzi cha nkhalamba ina ikusekerera foni, mano onse ali m'kamwa. Nkhalamba imeneyo munaitola kuti? Pa benchi pathu sinakhalepo. Agadi anandibweza pakhomo, akuti apenshoni tsopano zawo ndi pafoni. Kenako anandinong'oneza kuti Anamwino anabwera dzulo lake, nawonso anabwezedwa, ndipo asanachoke anayang'ana uku ndi uku. Ndinafunsa ngati anayang'ana mofuna munthu kapena mofuna basi. Akuti iwo analembedwa kulondera khomo, osati maso a anthu.

Lachiwiri ndi foni yanuyi. Imandiuza kuti ndiphethire, ndiphethira. Nditembenuke, nditembenuka. Ndikaimwetulira, imati sikundidziwa. Mayi anga ondibereka sanandikanepo chotere.

Lachitatu, lomwe ndi lalikulu, ndi apongozi anga, akazi a mwana wanga woyamba. Ndi munthu wabwino mopitirira muyezo. Chigwereni ine m'bafa, salola kuti ndidutse pageti. Ku banki kokha ndiko ankandilola, poti kumeneko kunkafunika chala changa, ndipo chala sichipita chokha. Ndi iwowo anatulukira kuti foni imandizindikira ndikakwinya nkhope, chifukwa chithunzi chomwe muli nacho munandijambula ndili ndi njala. Ndiye masiku ano amandiimika pakhoma, foni kumaso, n'kundiuza mwaulemu kuti bambo lero simutuluka. Nkhope imakwinyika yokha, foni imalira kuti zatheka, iwo n'kundiperekeza kukapuma. Amakupemphererani tsiku ndi tsiku. Mwanditsekera m'nyumba, bwana, popanda wapolisi kapena woweruza. Limenelo ndiye luso.

Mwina mufunsa kuti bwanji osangowaimbira mayiwo. Nambala sindinawafunse. Ndikanaifunsiranji, banki yanu ikutikumanitsa mwezi ndi mwezi osaphonya? Kwawo sindikudziwa. Ndimangodziwa kuti amakwerera basi kutsidya kwa msewu, ndipo amakhala ndi mwana wawo, m'busa wa mpingo, amene kumva kwanga amawayang'anira monga apongozi anga andiyang'anirira ine. Tinali akaidi awiri otuluka tsiku limodzi, inu mwatseka khomolo ndi chala chimodzi.

Ndinayesako kuimba nambala yanu yothandiza makasitomala. Anayankha ndi mayi wa mawu okoma amene sapuma mpweya. Anandiuza podina ngati ndataya khadi, podina ngati ndaiwala nambala yachinsinsi, podina ngati ndikufuna kumvanso zomwe anena kale. Podina munthu amene wasowa mnzake wa pa benchi sanatchule. Atatha anandiikira nyimbo. Inali yabwino ndithu, ndinaimvera mpaka foni inatentha khutu.

Sindikuti mubweze makina akale ayi. Ndikudziwa kuti atsopanowa munawadulira riboni, munajambulitsa nawo, ndipo munthu wamkulu sabwerera m'mbuyo pamaso pa anthu. Komanso anzanga amandiuza kuti nawonso atengera akulu awo: amagwa, ndipo akagwa mumatumiza uthenga wopepesa woti munthu apite ku nthambi yapafupi. Nditamva zimenezi ndinatsitsimuka. Vuto ndi loti amagwa mosalongosoka, uyu lero, uyo mkucha. Ine akhoza kundigwera Lolemba, Anamwino n'kuwagwera Lachinayi, aliyense n'kukaima yekha pafupi ndi maluwa a pulasitiki aja.

Nali tsono pempho langa, ndikugwada ndi bondo lomwe likupindikabe. Muwagwetse makinawo tsiku limodzi, kwa ife tonse nthawi imodzi, ndipo mulengeze pa wailesi pasadakhale, mokweza ndithu, kuti apongozi anga ndi abusa aja amve okha kuti ndi lamulo la banki. Simuwonongapo kanthu. Kugwetsa mumadziwa kale, chatsala n'kusunga nthawi basi. Za pokhala musade nazo nkhawa, ndibwera ndi mpando wanga, wokwana anthu awiri akapanikizana.

Chonde nkhaniyi musaipereke ku komiti. Pa msinkhu wathuwu, inu mukamakhala pansi kukambirana, ife timakhala tikuchepa.

Ine wanu wodzichepetsa, wokudalirani pa kulephera kwanu konse,

Nkhalamba ya kumapeto kwa benchi