Rauta Yanga Inatcha Mwana Dzina

Amene akuti ine Nachisale ndine wabodza abwere kuno kumunsi kwa phiri, akhale pakhonde panga, atulutse foni yake awerenge yekha. Ine sukulu ndinangoinunkhiza, koma za m'banja mwanga sindiiwala: ana awiri oyamba a mwana wanga Esinta anawatcha maina ndi asewere anga, aNambewe a ku Mayani, amake a mkamwini. Wachitatu anali wanga, afune asafune.

Tsono mimba ya Esinta itakhwima, a kampani anatikokera intaneti ya waya, uja woonda ngati tsitsi koma m'kati muli galasi. Anabwera ndi kabokosi kawo kopanda nyanga, dzina lake manambala okhaokha. Ndinawauza kuti kawoko kazingolandira waya, koma yomwaza intaneti m'nyumba ikhala rauta yangayanga, ya nyanga zinayi, imene ndinagula nditakolola kachewere. Bambo wa kampaniyo anati sizigwirizana. Ndinamulanda chingwe, n'kuchilowetsa ndekha pabowo la buluu, timagetsi tonse n'kuyaka mobiriwira, iye n'kuvula chipewa.

Asanalongedze n'komwe zida zake, uthenga unafika kuti Esinta wachira kuchipatala cha paboma, mwana wamwamuna, komanso kuti aNambewe akwera kale minibasi, dzina lili m'kamwa. Ndi maondo angawa sindikanawapitirira. Ndinafunsa bamboyo ngati rauta ikakhala yako umaitcha dzina lomwe wafuna, lomwe limaoneka pamafoni a anthu. Anati inde.

"Lembani," ndinatero ine, "MWANAYO NDI TAKONDWA."

Ndiye ndinaimika nyanga zonse zinayi chilili. Mukumva? Nkhungu ya paphiri inang'ambika pakati ngati chitenje chakale, mitengo ya paini inawerama kuti dzina lidutse, linatsetsereka mpaka pamsika n'kulowa m'mafoni onse, ndi aja a mabatani omwe, ndi aja anathera batire chaka chatha, linatulukira mpaka pasikelo ya wogulitsa nyama, linawoloka malire osafunsidwa chiphaso, a ku Mozambique n'kumaliwerenga m'Chipwitikizi, kenako linakhota kukalowa kuchipatala kudzera pawindo, anamwino n'kuliwerenga mokweza, ndipo khandalo, ndikulumbira pamtanda wa ubatizo wanga, linatsegula maso n'kuvomera kuti wawa.

M'minibasi muja kondakitala analiwerenga, anthu n'kuyamba kuliimba ngati kwaya, mbuzi imene inamangidwa kumbuyo n'kumapolokozera. ANambewe potsika anapeza ogulitsa tchipisi, akabaza, ngakhale mlonda wa pageti la chipatala, onse akuwalonjera kuti takulandirani agogo a Takondwa. Dzina lawo lija analimeza, ndipo mpaka lero likamafuna kutuluka amachita ntchirichiri.

Anabwerera pageti pomwepo mwana asanamuone n'komwe, ndipo madzulo ake anafika kwathu chitenje chili m'chiuno.

"Asewere, mwandibera."

"Ayi asewere, ndangotenga changa. Khalani pansi, ndikupatseni pasiwedi muonere mdzukulu wathu."

Atamuona pafoni, mphuno yeniyeni ya kwawo, anayamba kululutira okha. Tinavina awiriwiri pabalaza mpaka nyanga imodzi ya rauta inathyoka, n'chifukwa chake masiku ano intanetiyo imangolekeza pakhola la nkhuku, musadabwe mukabwera.

Pakhadi la ubatizo analemba Takondwa, kafunseni kwa abambo mfumu. Zoona, mwanayo pano akuyenda, ndipo mukamuitana kuti Takondwa sacheuka, chifukwa mudzi wonse, ndi amake omwe, amangomuti Rauta. Koma nanga rautayo ndi ya yani? Maina onse awiri ndi anga.