Khofi wa Mkamwini

Lolemba, 6 Julaye 1959

Tambala wanga wapita. Ndamusinthanitsa ndi khofi, chitini chimodzi cha jamu chosadzaza, kwa a Fulansisiko, aja amabwera pa njinga kuchokera kwa Apwitikizi ndi mchere ndi sopo. Amake Tereza sakudziwabe. Akuyesa tambala ali kuthengo.

Chifukwa chake nachi. Loweruka kukubwera a Yotamu, malume awo a amake Tereza, eni mbumba. Akudzamva pempho langa la chitengwa, loti nditenge mkazi ndi mwana tizikakhala kwathu ku Sinda. Madzinja atatu ndalima m'mudzi mwa eni kuno ku Vubwi. Ku Sinda atate andisungira munda ndi dimba, msewu uli pafupi. Kuno Tereza akayamba kutsokomola, chipatala ndi ulendo wa tsiku lathunthu, mwana kumsana. Chimenechi ndiye chikundisowetsa mtendere.

Tsono a Yotamu anagwira ukhukhi kwa mzungu ku Halale zaka khumi ndi chimodzi. Anthu akuti munthu wotere tiyi samuyang'ana n'komwe, thobwa ndiye amati ndi la ana. Ndikawapatsa khofi aona kuti mwana wawo akupita kwa munthu wodziwa zinthu.

Za sabata ino:
1. Kuphunzira khofi.
2. Denga la nkhokwe ya apongozi. Chimanga chili kale mkati, chikungoyang'ana kumwamba.

Yachiwiriyi ndi ntchito ya tsiku limodzi. Ndiyamba ndi yovutayo.

Khofiyo ngwobiriwira ngati khobwe wosakhwima, koma kulimba kwake miyala. Ndafunsa kaphikidwe kake. A Fulansisiko ali kale pa njinga: "Mungophika basi, achimwene!"

Lachiwiri, 7 Julaye

Chooneka ngati nyemba ndi nyemba. Ndatapa dzanja limodzi, ndatereka mphika m'mawa. Dzuwa lafika pamutu, sizikupsa. Ndasonkhezera nkhuni zina. Nkhuni za apongozi. Ndathira chidulo, poti ngakhale nyemba zokanika zimagonja ndi chidulo. Izi ayi! Madzi asanduka ngati a m'chithaphwi. Ndalawa. Ndalavula. Ndalawanso, mwina ndi lilime langa lakumudzi. Vuto si lilime.

Amake Tereza asuzumira mumphika: "Kodi ndi ndiwo kapena mankhwala? Nanga tambala uja sanalire bwanji lero?" Ndaulula. Ayang'ana ine, ayang'ana mphika, abereka mwana, ulendo wa kuchitsime.

Njerezo sindinataye, ndaziyanika pa thandala. Tambala wathunthu sangathere kudzala.

Nkhokwe: mawa.

Lachitatu, 8 Julaye

Ndapita kwa aphunzitsi a Mbewe, poti iwo amalowa m'nyumba ya ansembe ku mishoni. Akuti khofi wa kumeneko ngwakuda, osati wobiriwira. "Amayamba akazinga kaye." Ndi maso sanaonepo, koma fungo amalimva. Kalanga ine, nkhuni zadzulo zija!

Kukazinga ndiye ndimakudziwa, mtedza ndinayamba ndili mwana. Ndabwereka phale la apongozi kudzera mwa mlamu wanga Esinati, poti ine ndi apongozi sitilankhulana maso ndi maso. Ndathira zonse, pamodzi ndi zachidulo zija. Ndawaza madzi amchere monga tichitira ndi mtedza. Zayamba kuthetheka. Utsi! Tereza akutsokomola, ndamunyamula, liwiro kuseri kwa nyumba. Pobwera, mbali ina makala, mbali ina yobiriwirabe, phale lang'ambika pakati.

Phale limenelo akuti linali mbiya ya amayi awo a apongozi. Ine ndimayesa phale ndi chinthu chosweka kale. Lero ndaphunzira kuti chosweka chimaswekanso, ndipo anthu amachilira.

Esinati wabwera ndi mawu: "Amayi akuti ndikufunseni ngati denga lija mukulikazinganso."

Lachinayi, 9 Julaye

Aphunzitsi anati akakazinga amapera. Chopera ndilibe, mtondo ulipo. Amake Tereza akana: "Zanu zimenezo." Ndadikira amayi onse achoke, ndakokera mtondo kuseri. Mwamuna wandevu zake, munsi m'manja! Gu, gu, gu. Sindinaganize kuti mtondo umaitana anthu. Kucheuka, Esinati ndi anzake awiri aima, mitsuko pamutu.

"Alamu, tikubwerekeni nsalu? Mukatha apo mupete, kenako mukatunge!" Wina wayambitsa nyimbo ya pamtondo. Ayenda nayo mpaka kumapeto kwa mudzi.

Choipa chenicheni chabwera masana. Amake Tereza asinja nsinjiro za phala la mwana mu mtondo womwewo. Ndinaupukuta, koma ndi dzanja chabe. Tereza walawa supuni imodzi, wakwinya nkhope, walavula, kulira mpaka kusasa mawu. Yachiwiri wakana. Ndi bere lomwe walikana kwa kanthawi. Ine mtima suli m'malo: nanga chikakhala choopsa kwa ana? Ndakhala ndikumugwira pamimba mpaka dzuwa kupendeka. Ali bwino. Koma akandiona akubisa nkhope.

Mtondo tautsuka katatu, ndi phulusa, ndi gaga. Ukununkhabe.

Nkhuku zatulukira njira ya pamwamba, zikulowa m'nkhokwe ngati kwawo.

Lachisanu, 10 Julaye

Lero wakhala khofi. Wakuda bii, fungo la tchire lopsa. Kapu yoyamba: mchenga m'mano. Pafunika kusefa. Sefa ya ufa ndaiopa chifukwa cha zadzulo. Ndafuna nsalu yoyera. M'nyumba muno yoyera ndi imodzi, duku la amake Tereza la kutchalitchi. Ndati ndichapa asanaone.

Kapu yachiwiri: mchere.
Yachitatu: shuga masupuni anayi. Mchere ndi shuga akukangana.
Yachinayi: mwina ndayamba kuzolowera.
Yachisanu: sindikudziwa ndamweranji.

Kenako mphamvu! Sindinaonepo zotere. Mtima ukugunda ngati ng'oma, manja sakufuna kukhala. Ndathamangira ku denga. Denga la nkhokwe timamangira pansi, likatha n'kulikweza. Mapaso, nsungwi, luzi, udzu, zonse zatha dzuwa lisanalowe. Ntchito ya tsiku lathunthu! Ndi nyimbo zomwe ndaimba. Apongozi aima chapatali, dzanja pakamwa.

Kani khofi ndi ameneyu. N'chifukwa chake azungu ali ndi nyumba zambiri.

Duku silikuyera. Sopo, phulusa, mandimu, ayi ndithu. Pakati patsala banga lofiirira, kukula kwake ngati chikhatho. Ndalibisa pansi pa mphasa.

Loweruka, 11 Julaye

Luzi loyezera kukamwa kwa nkhokwe lili m'thumba la kabudula wanga. Ndalipeza m'mawa uno. Dzulo sindinayeze.

Amuna anayi tanyamula denga. Takweza. Tasiya. Khu! Lalowa mkati, lakhala pa chimanga ngati nkhuku yofungatira mazira. Pangooneka kansonga. Nthawi yomweyo belu la njinga: a Yotamu, jekete, chipewa, nsapato zonyezimira.

Ayang'ana nkhokwe, atsika pa njinga. Moni, mpando, mthunzi. Ine ndabwera ndi khofi pa mbale, ndagwada. Pa mwambo wathu, wopereka chakumwa amalawa poyamba, mlendo aone kuti mulibe choipa. Ndalawa. Nkhope yanga yaulula zonse pamaso pa mbumba.

Alandira ndithu. Anunkhiza. Amwa pang'ono, asunga m'kamwa nthawi yaitali, ameza mwaulemu ngati ali pamaliro.

"Mchere mwathira ndinu?" Ndavomera. "Ndi chidulo chomwe?" Ndavomeranso.

"Atate ake a Tereza, ine khofi ndamuphika zaka khumi ndi chimodzi, tsiku ndi tsiku. Womwa anali bwana. Ndinabwerera kumudzi kuti fungo lake ndisalimvenso, ndiye lero wanditsatira. Thobwa lilipo?"

Lilipo. Amake Tereza anaphika osandiuza. A Yotamu amwa zikho ziwiri.

Kenako azungulira nkhokwe kawiri, manja kumbuyo. "Ku Sinda mvula imagwa?" Ndati imagwa. "Ndiye chimanga cha mwana wathu chizikagona pansi pa denga lotere?" Ndati ndinaiwala kuyeza. "Eya. Mulime nafe dzinja lina. Tidzakambe mukakolola."

Ndinakonza mawu a chipatala, a dimba, a msewu. Onse atsamira pakhosi pamodzi ndi masese a khofi.

Lamulungu, 12 Julaye

Tachedwa kutchalitchi. Wotidzutsa kulibe.

Amake Tereza apeza duku. Sanakalipe. Alivala chomwecho, banga kutsogolo, akakhala poonekera penipeni. Kukalipa kukanakhala bwino.

Pobwerera andiuza. Malume anabwera atavomera kale mumtima. Mwezi watha anauza apongozi kuti mkamwini ameneyu ngwa manja, akangofolera nkhokwe atenge banja lake azipita. Ntchito ya tsiku limodzi ija! "Mukanangokhala mmene mulili," atero amake Tereza, maso kunjira.

Ndalembera atate kalata: munda abwereke wina chaka chino, dimba asalisiye life. Chifukwa chake sindinalembe.

Tereza watsokomola kawiri m'tchalitchi. Ndimamvetsera iye, ulaliki sindinaumve. Panjira ya kuchipatala pali mitsinje itatu, ndipo mvula ikagwa yonse imadzaza.

Khofi watsala wodzaza dzanja. Nkhuku zamukana. A Yotamu pokwera njinga dzulo anati: "Wopanda mchere, moto wochepa, muzitakasa osachokapo." Ndalemba apa, koma wodzamwa sindikumudziwa.

Denga lija tinalitulutsa. Lakwana bwinobwino pa khola la nkhuku, mopanda tambala. Mawa m'mamawa ndikadula nsungwi zina. Luzi loyezera ndalimanga pa dzanja.