Chingwe cha aNachisale

Anzanga, imvani! Mawa pa prosisawu, mdipiti uja wa Korpu de Deuzi, chikondwerero cha Thupi la Ambuye, mngelo wotsogola, wowaza maluwa patsogolo pa aPadiri, ndine! Ine Rozalina, mapiko kumsana! Koma njira imene ndadzera ndi yamanyazi, bola ndikuuzeni ndekha Felizita asanathireko mchere wake.

Zinayamba sabata latha titatuluka Misa ya m'mawa. ANachisale, amayi aja osoka nsalu za paguwa, anandikodolera kuseri kwa gereja, tchalitchi chathu.

"Ima njo, mwana iwe. Tambasula manja."

Anatulutsa chingwe cha khonje n'kuyamba kundiyeza. Kuchokera m'khosi mpaka kumapazi, mfundo. M'chiuno, mfundo. M'mapewa, mfundo.

"N'cha chiyani, amayi?"

"Mafunso ngati sipayi wofufuza mlandu! Thamanga ku shikola."

Mtima wanga phaa! Kwathu munthu amayezedwa kamodzi kokha. Ndinaona ndi maso angawa pa maliro a malume, adzukulu akuyeza mtembo ndi bango kuti akakumbe manda.

Ndinanong'oneza Felizita, mnzanga wa mphasa imodzi.

"Mwina akusokera chovala," anatero.

"Ine? Amene ndinagwetsa kandulo pa Pasaka? Ndipo chovala chake chiti choyezera kuseri?"

Mawa lake tinawaona aNachisale akuzungulira makola, kutola nthenga za nkhuku. Zoyera zokhazokha! Felizita anachita chizindikiro cha mtanda. Kenaka posesa pakhonde ndinamva aIrima, sisitere wathu wamkulu, akuwauza motsitsa mawu kuti, "Iyeyo asadziwe, angalengeze dziko lonse. Zithe Lachinayi lisanafike." Atandiona, onse awiri ziii.

Basi, ndatha! Ndithawire kwathu? Atate akanandibweza ndi mkwapulo.

"Mankhwala amalondola muyeso," anatero Felizita. "Sintha mfundozo, apite kwina."

Masana belu la Anjelusi litalira, aNachisale ali chogwada, ndinasolola chingwe chija mu dengu lawo, liwiro la ku khola la nkhumba za pa misawu, mishoni imene timagonera. Muli chinkhumba china chachikazi, chaulesi. Ndinachikanda pamimba ndi chitsononkho, icho gone. Ndinamasula mfundo zanga n'kumanga zake. M'khosi mpaka kumchira, mfundo. Pamimba, mfundo.

"Pepani mayi," ndinachiuza, "inu ngakhale mutapulumuka apa, Natale, phwando la kubadwa kwa Ambuye, simufika."

Chingwe ndinabweza bwinobwino. M'mawa uliwonse ndinkakasuzumira kukhola kuona ngati zatheka. Ayi ndithu, chinkhumba chikungodya madeya, kunenepa! Ndinayamba kuchikayikira nachonso.

Dzana ndiye anandiitana kwa aIrima. Ndinapita ndikunena Tikuoneni Mariya mobwereza. Kulowa, pa meza, tebulo lawo, pali mapiko awiri a nthenga zoyera, okongola ngati a pachithunzi! Pambali mkanjo woyera mbee!

"Parabensi, wachita bwino, Rozalina," anatero aIrima. "Katekisimu unakhoza kuposa onse. Vala tione."

Ndinavala. Amayi ine! Mkanjo unalekeza pamwamba pa mawondo, koma m'chiuno tikanalowamo ine, Felizita ndi thumba la batata.

ANachisale anandizungulira, maso ali psuu.

"Ndinadabwa posoka, koma chingwe changa sichinanamepo chiyambire." Anachitenga n'kundiyezanso. Mfundo ya kumapazi inagwera pantchafu. Anabwerera m'mbuyo atagwira korona. "Irima, mwana uyu watalika n'kuuma sabata limodzi! Pano pali ufiti!"

Ufiti! Ine!

AIrima sanaseke. "Rozalina, nsalu iyi inachokera kutauni ku Vila Coutinho, ina palibe. Ngati sulongosola, mapiko awa avala wina."

Ndinayang'ana mapiko. Ndinayang'ana pansi.

"Muyesowo si wanga, aIrima."

"Nanga ngwa yani?"

"Ngwa nkhumba."

Ndinaulula zonse, bango, nthenga, chitsononkho. AIrima anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka, mpaka makiyi a m'chiuno kulira ngwerengwere. ANachisale anandipotokola khutu.

"Ine zala kutupa ndi singano usiku ndi usana, iwe ukundiyesa mfiti? Chabwino. Tiyeni tikawaveke eni akewo mapiko, awaze okha maluwa!"

Ndinagwada, kuwomba m'manja, kupepesa mpaka misozi. Mtima wawo ngwabwino amayi aja, ngakhale khutu langa likutenthabe. Asomola mkanjo wonse, zotsala za m'mimba alumikiza kunsi, ndipo wandikwana ngati ndinabadwa nawo! Chilango changa ndi kudyetsa chinkhumba chija mpaka Adiventi.

Ndaphunzira: wokayikira omusokera amavala za nkhumba.

Tsono mawa mulawire, kuzizire kusazizire! Mukaime pafupi ndi mtanda waukulu, pamene prosisawu imakhotera, mudzandione ndikudutsa. Msoko wa m'mawondo musauyang'ane, ndipo aliyense wolira ngati nkhumba ndikamunenera kwa aIrima!