Nkhondo ya Buku la Dokotala Sabina

M'chaka chimene mvula inachedwa mpaka achule anaiwala nyimbo zawo, m'masiku amene sitima ya ku Nayuchi inkafika pa nthawi yodziwa yokha, kunabuka nkhondo pakati pa Machinga ndi Balaka, nkhondo yoti ngakhale makolo athu ochokera ku Mozambique sanaionepo. Tcherani khutu, inu a tsidya lino ndi a tsidya ilo la Shire, pakuti chimene ankalimbirana sichinali munda, ng'ombe kapena mkazi. Linali buku.

Bukulo linali la Dokotala Sabina Mkwepere, mwana wa konkuno, amene anatha zaka khumi ndi zisanu akufufuza khansa ya m'mapapo. Analemba mapepala a kafukufuku makumi anayi ndi awiri, ndipo madokotala a maiko akutali, ena oti dzina la Mkwepere limawapinda lilime, ankatsamira pa ntchito yake pofuna kusiyanitsa msanga khansayi ndi chifuwa chachikulu. Mapepala onsewo anawamanga m'buku limodzi la chikuto chakuda, lolemera ngati njerwa ziwiri, n'kulitumiza kwa amalume ake.

Amalumewo ndiwo a Yotamu, Mkango wa ku Nayuchi, Mwinimbumba Wosagonja, Chithyolamapedulo, amene kwa zaka zisanu ndi zitatu anapalasa njinga kuperekeza Sabina kusukulu, kaya dzuwa kaya mvula. Iwo sukuluyo anangoionera pakhomo, kotero kuwerenga kunawadutsa kumbali. Koma Sabina anawauza pafoni kuti dzina lawo lili m'bukumo, ndipo kuyambira tsikulo ankayenda ngati njanji yonse ndi yawo. Buku linkagona m'sutikesi, pamwamba pa jekete la kutchalitchi.

Ngwazi iliyonse ili ndi pofooka pake. A Yotamu ankasuta chingambwe chopichira okha, ndipo masana ena pepala lopichirira linawathera. Poti anali munthu wolemekeza maphunziro, sanafune kuwotcha nzeru za mwana. Anavundukula bukulo mosamala mpaka anapeza tsamba lina chakumayambiriro, la timizere titatu tokha pakati, kwina konse kuli mbee.

"Apa mwanayu anangowononga pepala," anatero, n'kuling'amba. Linawakwanira ndudu zisanu ndi imodzi.

Mbiri ya buku inawoloka Shire n'kukafika kwa Nsamala, m'makutu mwa a Blasius Mkwepere, bambo ake a Sabina, Katekisiti Wopuma, Mphezi ya Magalasi Awiri, amene kalekale anatenga mlongo wa a Yotamu pachitengwa, mlandu umene a Yotamu anali asanaukhululukirebe. Atamva kuti Sabina adzafika ku Nayuchi Loweruka, a Blasius anamanga tayi, napukuta magalasi, nakwera sitima Lachinayi kuti akalande bukulo mwini wake asanafike.

Magulu awiri ankhondowo, lililonse la munthu mmodzi, anakumana pansi pa mtengo wa mango. Amayi ogulitsa nsomba anasiya malichero awo, akabaza anaimika njinga, ndipo a Blasius anaimirira natambasula dzanja.

"Alamu, mbewu ya Mkwepere ndinadzala ndine. Dzina lili pachikutopo ndi langa. Kodi chimanga amakolola ndi wodzala, kapena wodutsa m'mbali mwa munda?"

A Yotamu anayamba akhosomola kaye, monga ankachitira nthawi zonse asanalankhule za nzeru.

"Iyayi, alamu. Tambala amangolira, anapiye amatsata thadzi. Kwathu kuno mwana ndi wa mbumba. Dzina lanu lili kunja ngati mlendo woodira pakhomo, langa lili m'katikati mwa nyumba. Ndiponso akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Buku lili m'sutikesi mwanga."

"Ngati dzina lanu lilimodi, ndibwerera kwa Nsamala manja ali m'thumba. Koma likapanda kupezeka, buku likwera nane sitima."

A Yotamu anavomera pamaso pa khamu lonse, pakuti mwana amene unamunyamula pakeliyala sangakunamize.

Pamenepo panayamba kuzinga kwakukulu kwa masiku awiri. A Blasius anakhala pampando, chala pamzere, nadutsa m'mapapo a anthu mazanamazana, m'zithunzi za zotupa ndi m'mawu aatali ngati njanji, akulengeza pa tsamba lililonse kuti, "Yotamu palibe." Akabaza ankabwera mosinthana kudzamva mmene nkhondo ikuyendera. Pofika Loweruka m'mawa chala chija chinatera pa mzere wotsiriza, ndipo a Blasius anatseka buku n'kulipanira m'khwapa.

Apa ndiseke bwanji? A Yotamu anakhala pansi, mtima ukuwawa zenizeni. Za buku sizinawadetse nkhawa kwenikweni. Chinawapweteka n'chakuti mwina Sabina anangowasangalatsa ndi mawu, ngati mmene timanamizira nkhalamba.

Ali chikhalire choncho, Sabina anatsika pa kabaza, fumbi lili m'nsapato. Atamva mlandu wonse, analanda buku kwa bambo ake, natsegula chakumayambiriro, nayendetsa chala pa kampendero ka pepala long'ambidwa.

"Amalume, tsamba la apa lili kuti?"

"Linalibe kanthu, mwanangu. Timizere titatu basi."

"Munalitani?"

Mkango wa ku Nayuchi unayang'ana zala zake zachikasu ndi utsi, ndipo khamu lonse linayang'ana komweko.

Sabina anapuma mozama. "Timizere timeneto timati: Kwa amalume anga a Yotamu, amene ankakhosomola pa chitunda chilichonse ine ndili kumbuyo pakeliyala, mpaka ndinafuna kudziwa chimene chimakhala m'chifuwa mwa munthu."

A Blasius anaseka mpaka magalasi anagwera m'fumbi. Koma atawatola n'kuona nkhope ya alamu awo, anakonza tayi nalankhula ngati ali paguwa.

"Alamu, ndagonja. Ena tonsefe ulemu timausunga m'sutikesi. Inu mwausuta wonse, ndipo uli m'mapapo mwanu momwe ngakhale ine sindingaulande."

Pangano la mtendere linamangidwa masana omwewo. Buku lizikhala ku Nayuchi nthawi ya chilimwe, kwa Nsamala nthawi ya dzinja. Tsamba latsopano Sabina adzalibweretsa amalume akakajambulitsa chifuwa kuchipatala. Ndipo chingambwe chotsala chinaikidwa m'manda pansi pa mango paja ndi mwambo wonse: akabaza anakumba dzenje, amayi a nsomba analira maliro, a Blasius anatsogolera mapemphero nayamikira malemuwo kuti anali wokhulupirika kwa mbuye wake kwa zaka makumi anayi, ngakhale ankamudya pang'onopang'ono. A Yotamu, monga namfedwa, anaponya dothi loyamba.

Anthu atabalalika, Sabina anatulutsa chida chake chomvetsera m'chifuwa nachiika pamsana pa amalume ake.

"Pumani kwambiri, amalume."

Anapuma, nakhosomola. "Ukulimva dzinalo?"

Sabina anamvetsera nthawi yaitali, osaseka.

"Ndikumva chitunda chija," anatero. "Lolemba tinyamuka limodzi. Ulendo uno woperekeza ndine."