Msoti Umene Unatsika pa Mkono Wanga

Senderani kuno anyamata, kokerani benchilo pafupi, mafoniwo muyambe mwaika m'thumba, wometayu sathawa. Chilowereni muno mukungoyendetsa chala pagalasi, uyu akuti andidinde mkango, uyu chigaza, winayu akufuna mkono wonse mpaka paphewa, ngati mukusankha malaya pa kaunjika. Amene akuti a Namakhwa amanama atuluke, akadikire panja. Ine tatuu ndinakhala nayo musanamere ndevu, ndipo Chimwankhunda yonse ikudziwa.

Nthawi imeneyo ndinkasoka nsapato pakhonde la sitolo ina ku Limbe, ndipo kuseri kwake kunali kachipinda ka Zuze, mwana wakwathu, agogo ake ndi anga anawolokera limodzi kuchokera ku Mozambiki. Zuze ankadinda matatuu, koma inki sankagula, ankasakaniza yekha mwaye wa sitima, madzi oyamba kusefukira mu mtsinje wa Mudi ndi kanthu kena kamene sanandiuze, moti chinthu akachijambula pakhungu chinkayamba kupuma. Tsiku lina ndamupititsira nsapato zake, iye amvekere, "Achimwene, sankhani chimodzi pakhomapo, musamayende ndi khungu ngati khoma losapenta." Ine poti sindikonda zodzionetsera ndinaloza kakang'ono kuposa zonse, kamtsikana ka mapiko a tombolombo, kamene atsikana amati feyari. Anakaika apa, pamene pamakhala wotchi.

Chilonda chisanapole kanayamba kukupiza mapiko. Mukumva? Dzuwa la Okutobala anzanga pakhonde akuchucha thukuta, ine dzanja lili zii ngati lili m'filiji, ntchentche osatera. Koma chamoyo chimadya, anyamata, ndipo apa ndi pamene ndinalakwitsa. Kanayamba kuwonda, mapiko kugwa, ndiye ndinabwerera kwa Zuze nandijambulira mapesi a chimanga pamwamba pake, ndipo poti ndinkayenda wapansi kupita kwathu ku Chigumula, thukuta linkathirira mundawo mpaka chimanga chinabereka chiwirichiwiri, feyari nkunenepa, ine nkumaotchako china pambaula ya mnzanga wogulitsa mbatata.

Chimanga chinaitana mbewa. Zinachokera pa mkono wa kondakitala wina amene anandiyedzamira mu minibasi, ndipo kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti zojambula za Zuze zimasamuka khungu likakhudzana ndi khungu. Mbewa zinafuna mphaka, Zuze anajambula mphaka. Anyani a m'nkhalango ya Kanjedza anamva fungo la chimanga chachiwisi nkumanditsatira pamsewu gulu lonse ngati maliro, anajambula galu, dzina lake Tilipo, khutu limodzi lopindika chifukwa Zuze anayetsemula. Mvula itayamba feyari anafuna nyumba, anajambula ya malata, yoti ndikamasamba ndinkamva phokoso padenga. Anafuna ndiwo, anajambula msoti wakuda. Mphepo itasasula malata anandiika phiri la Soche paphewa kuti liziitchinga, ndipo chiperoni chikafika nkhungu inkayambira pa ine isanafike mu tauni, anthu nkumandifunsa ngati ayanike zovala. Umu ndi mmene kanthu kochepa ngati nyemba kanasandukira mkono wonse. Ndinkavala jekete ngakhale kutenthe bwanji, ndipo Tilipo akauwa pa Misa ndinkatsokomola kuti abambo mfumu asamve.

Kenako kunabwera chinkhoswe cha Tereza, mwana wa mlongo wanga Lusiya, ndipo nkhoswe yakuchikazi ndinali ine, malume ake. Mnyamatayo anali wabwino, koma kwawo ndi anthu a muofesi, a mpingo wa Chipresibateria, ndipo nkhoswe yawo, a Matope, mkulu wa mpingo, anali atanena kale kuti mwana wawo sakalowa m'banja la anthu odzidinda ngati akundende. Ndiye mukudziwa kuti pa chinkhoswe banja lonse limasoketsa nsalu imodzi. Nsalu yathu inachepa, telala nkusoka malaya a amuna onse a manja aafupi.

Lusiya atandiona ndikuyesa malayawo anakhala pansi. "Achimwene, mukandiphera ukwati wa mwana ndi munda wanuwo."

Kwa Zuze sindinapezeko thandizo. "Inki yanga sifufutika," anatero, "koma alendiwo ali ndi miyendo, asamutseni."

Ndiye Lachisanu, chinkhoswe chili mawa lake, ndinavula jekete nkupita pa siteji ya ku Limbe nthawi yoweruka, pamene anthu amapanikizana anayianayi pa mpando, ndipo ndinakwera minibasi ya ku Blantyre, kutsika, kukwera ya ku Ndirande, kutsika, ya ku Bangwe, ya ku Zingwangwa, mkono uli pamtunda, ndikungowuyedzamiritsa kwa aliyense mwaulemu, "pepani achimwene, pepani mayi," mbewa nkubwerera kwa makondakitala, mphaka nkutsikira pa mwendo wa mayi wogulitsa usipa, chimanga nkupita ndi mwana wasukulu, nyumba ndi bambo wina amene ankadandaula za landilodi njira yonse, phiri ndi mnyamata wonyamula zitsulo, poti ndi yekhayo akanalitha. Mukumva? Tilipo ndiye anavuta, anandiyang'ana mpaka ndinatembenuza nkhope, koma anapita ndi mlonda wa ku Chirimba, kumene ndinadziwa kuti akakhala pa ntchito. Mukuganiza kuti matatuu onse mukuwaona mu Blantyre muno anthu anachita kusankha? Ambiri anangotsika nawo minibasi.

Anatsala awiri. Feyari anakana, ndinamubisa pansi pa wotchi. Msoti unathawira kukhwapa, kumene malaya ankaphimba.

Pa holo zonse zinkayenda bwino, a Matope akungouyang'ana mkono wanga, poti mphekesera anali atazimva, koma osapezapo kanthu. Inafika nthawi yosinthana nkhuku, pamene akuchimuna amapereka tambala, ife akuchikazi msoti, kuti ukwatiwo ukhale ndi eni ake. A Matope aimirira ndi tambala wawo. Ine ndicheuka kuti andipatsire wathu, ndikuona Lusiya wagwira kumutu: amayi ophika anaupeza womangidwa kukhitchini nkuuyesa wa ndiwo, unali kale mu mpunga. Nyimbo ikulira, anthu akuwomba m'manja, Tereza wazyolika, misozi ili mbwembwembwe, a Matope ayamba kale kukweza nsidze.

Ine sindinathamange. Ndinangovina pang'ono ngati ndikutsata nyimbo, nkukweza mkono, nkuugwedeza kamodzi, ndipo msoti uja unatsetsereka kuchokera kukhwapa, kudutsa pachigongono, kufika m'manja uli wathunthu, wonenepa ndi chimanga changa, wakuda ngati inki, nkulira kuti kwee! Holo yonse nthungululu. A Matope anaulandira, nkuuyeza kulemera, amvekere, "Koma banja ili limadziwa kuweta." Anandigwira dzanja mwamphamvu, nthawi yaitali, ndipo ndinamva kanthu kakuyenda pansi pa wotchi yanga, kupita pa mkono wawo. Mpaka lero mkulu ameneyo wotchi savula, ngakhale posamba m'manja, ndipo mu Okutobala satuluka thukuta.

Tereza ali pabanja, ana ake mumawaona akubwera kudzameta muno. Msoti uja unaswa, ndipo nkhuku zakuda zonse za ku Chigumula ndi zidzukulu zake, mazira ake ukawaphika madzi amada.

Mukufuna umboni? Nawu mkono, ndapinda. Onani bwino. Mulibe kanthu, eti? Mwangotsala timphini titatu iti, tomwe anandicheka mayi anga ndili khanda, tokhati ndiye sitisamuka. Tsono munthu amene sanasamutse zinthu zake angakhale ndi mkono woyera chonchi? Yankhani.

Sankhani zimene mukufuna, anyamata, khungu ndi lanu, koma musanaloze muzifunsa kaye kuti chinthucho chimadya chiyani. Nkhaniyi mukawauzeko anzanu, modekha, mmene ndakuuziranimu. Ndipo mukadzakumana ndi mlonda amene ali ndi galu wa khutu lopindika pa mkono, mudzamuitane kuti Tilipo. Akadzagwedeza mchira, mudzamuuze kuti a Namakhwa akupereka moni.