Utcheyamani wanga ndi kabudula wa akamwini

Pa Lirangwe ine sinditsika. Basi ikaima pamenepo ndimangoyang'ana zala za kumapazi, ngakhale ndikudziwa kuti ambiri amene anaona zija anagona kalekale. Vuto ndi lakuti asanagone anauza ana awo.

Inali nthawi ya chitaganya, chaka chija asilikali anadzaza pa bwalo la ndege ku Chileka. Mwana wanga Esinati anali atangokwatiwa kumene. Mwamuna wake (dzina musandifunse, ndi akamwini anga, pakamwa panga silinatulukepo) ankatchetcha udzu pa kalabu ya azungu m'tauni. Anali munthu, inu. Nkhokwe anatimangira osauzidwa, denga langa anafolera mvula isanaganize n'komwe zobwera. Tsiku lina anafika ndi mpira wakutha umene azungu anataya, wosongoka uku ndi uku ngati papaya. Eni ake ankati ragibi. Anyamata a kwathu kwa Kuntaja anaukonda, analambula bwalo kuseri kwa dambo, kalabu n'kuyambika.

Tsono boma linkafuna kuti gulu lililonse losonkhana likhale ndi mutu wake wodziwika. Ndipo masiku amenewo munthu akangotchedwa tcheyamani, kaya wa chiyani, ankakwezedwa lole osatsanzika. Izi ndinkazidziwa bwinobwino. Koma achimwene anga a Laisoni atafika pakhomo chipewa chili m'manja, zonse zinandithawa.

"Achemwali, anyamata akhala pansi. Akuti mudzi uno munthu wamutu ndinu."

"Nanga amuna atha?"

"Amuna alipo, koma nzeru, achemwali, nzeru."

Ndinavomera asanavale chipewa.

Ana a lero simungamvetse, choncho ndifotokoze. Kwathu mayi wa mkazi ndi mkamwini sankayang'anana. Tikakumana panjira, ine ndinkapatukira m'chimanga, iwo n'kunjuta atatembenukira kumbali. Kudyera pamodzi ayi, kukhudzana ndiye musanene. Popeza wophunzitsa mpirawo anali iwowo, kubwalo sindinkapondako. Ndinali tcheyamani wa masewera amene sindinawaonepo ndi maso. Malamulo ndinkatuma Esinati: asasewere Lamulungu, asatukwane, asaponde mbatata za eni. Ndikamufunsa kuti amatani kwenikweni kumeneko, ankati, "Amangothamanga n'kumaponyerana, amayi." Sananame mwanayo. Anangondiuza mbali imodzi.

Pamenepo n'kuti kayendedwe kanga katasintha. Kuchitsime akati "a Tcheya afika," ndinkaika mtsuko pansi kuti wina anditungire (amene ananditungira aja ndi omwe anadzaseka kwambiri, ndipo sindiwadzudzula).

Kenako kunabwera uthenga woti anyamata a pa njanji ku Lirangwe, amene anaphunzira mpira womwewo kwa mzungu wa pa sitesheni, akutiitana. Tcheyamani sangasowe. Ndinavala chilundu chatsopano, ndinabwereka ambulera kwa akazi a aphunzitsi, tinakwera lole ya matumba. Akamwini anakana kukwera nafe. Anapalasa njinga ulendo wonsewo dzuwa lili pamutu, kuti asakhale m'galimoto imodzi ndi ine. Ulemu wa munthuyo unali wotero.

Titafika anandiikira mpando. Pambali panga panaima apolisi awiri ndi zibonga. Wamkuluyo anafunsa kuti, "Mwini gulu ili ndani?"

Amuna onse a kwathu analoza ine nthawi imodzi, ngati anachita kuyeserera kunyumba. Chala cha a Laisoni ndicho chinatalika kuposa zonse.

"Mayi," anatero wapolisiyo, "pakabuka chipolowe pano, tiyambira inu."

Apo m'pamene ndinazindikira nzeru zimene anandisankhira zija.

Wezulo inalira. Ambulera ndinaipendeketsa kuti ndisaone akamwini, moti ndinkangoona fumbi ndi miyendo. Koma makutu ambulera siitseka. Ndinkamva matupi akugundana ngati matumba otsitsidwa m'ngolo, wina kubuula, wina kuitana amake. Ndinadzilimbitsa mtima kuti mwina kuponyerana kwake n'komweko. Mwadzidzidzi Esinati, amene anali ndi pakati, anandigwira phewa nati, "Amayi, awagwera."

Ndinakweza ambulera. Pakati pa bwalo panali mulu wa amuna, mitu yolowetsana, wina magazi ali chuchuchu m'mphuno. Nditacheuka ndinaona apolisi aja akusendera kutsogolo (ankafuna kuonetsetsa bwino masewerawo, koma izi ndinadzazimva mochedwa). M'mutu mwanga lole inali italiza kale injini.

Ndinathamanga. Misana ndinaikwapula ndi ambulera ya eni mpaka inathyoka. "Lekani, mufuna mundimangitse?" Palibe anandimva. Pansi pa muluwo panatulukira miyendo iwiri ikuphiriphitha, ndiye ndinati ndipulumutse mwana wa eni asanafe, mlandu ungakule. Ndinagwira kabudula m'chiuno, ndinaponda pansi, n'kukoka monga tikokera chinangwa nthaka ikauma. Mkono wanga unali wa khasu. Chingwe cha m'chiuno chinaduka, ine n'kugwa chagada, kabudula ali m'manja.

Mulu unaphwasuka. Mwini miyendo uja anadzuka, mpira ali nawo pachifuwa. Masiku amenewo zovala zam'kati zinali za azungu.

Anali akamwini.

Tinayang'anana m'maso, koyamba chikwatirire mwana wanga. Kenako mayi wina wa ku Lirangwe anafunsa mokweza bwino kuti, "Kodi ku Chileka apongozi mumalonjerana chonchi?" Basi. Anthu anagubuduka ndi phwete, apolisi aja atatsamirana, wamkuluyo akupukuta misozi ndi chisoti. Ndinalakalaka akanandimanga. Akamwini anatsitsa mpira uja n'kubisa pobisa, anabwerera chafutambuyo mpaka analowa m'munda wa nandolo. Ine ndinatsala chiimire ndi kabudula, kumutaya kukundikanika, kumusunga kukundikanikanso, mpaka Esinati anabwera n'kundilanda.

Tinayesa kukonza. Ankhoswe anakhala pansi, ine ndinapereka tambala wopepesera, akamwini analandira kudzera mwa amalume awo, n'kubweza mawu oti sanasunge kanthu kukhosi. Ndikhulupirira ankanena zoona. Koma ana a m'mudzi anali atapeka kale kanyimbo, ndipo munthu akamapalasa njinga kupita kuntchito, kankamuperekeza mpaka kumsewu. Kumowa akalowa, amuna anzake ankagwira malamba awo. Amuna omwewo, amene anandikankhira pampando pothawa lole, ndiwo ankati, "Tinkadziwa ife, zinthu zopatsa mkazi." A Laisoni ndiwo ankayambitsa.

Esinati asanachire, akamwini analembetsa za ku Joni. Anatsanzika mkazi wawo yekha. Kalabu inafera pomwepo, bwalo lija anthu analimapo mawere. Mwana anabadwa wamwamuna, anakula akumva za bambo ake m'kanyimbo.

Amuna anabwera ofuna Esinati, ena a ntchito zawo, onse anawakana. Ankati ukwati wake sunathe, munthu sanamusiye, anangochoka. Patapita zaka, bambo wina wa kwa Chigaru pobwera ku migodi anatipatukira ndi bulangete la Esinati. Tinamuyalira mphasa, ine ndinakhala chapatali.

"Ali bwino ndithu," anatero mlendoyo. "Sanakwatire. Koma anandituma kuti ndikaonetsetse ngati apongozi awo akadalipo."

Ine kupusa, mtima unachita kuti myaa. Mlendo atapita ndinati, "Wamva, Esinati? Akundikumbukira."

Anapinda bulangete lija mosafulumira, m'mbali n'kulinganiza bwinobwino.

"Amayi, si moni umenewo. Akufunsa ngati angabwere."

Aliyense wochokera kumeneko ankabwera ndi funso lomwelo, ndipo aliyense ankandipeza ndikupalira. Anzanga onse a kuchitsime anapita, a Laisoni anapita, ine ngakhale chimfine chimandilambalala.

Mukafuna phunziro, ndilibe lalikulu. Amuna akakupatsa mpando osaulimbirana, uzifunsa kaye kuti akuthawa chiyani. Koma nanenso sindinganame, pamene amayi a kutchalitchi anasowa wowatsogolera, dzanja langa linakwera lokha.

Esinati tsopano ali ndi imvi, tikukhala nyumba imodzi. Sanandinenepo mawu oipa ngakhale tsiku limodzi. M'mawa uliwonse amandibweretsera madzi ofunda, amagwada pakhomo n'kufunsa kuti, "Mwadzuka bwanji, amayi?"

Ndimayankha kuti ndadzuka. Koma ndimayankha motsitsa mawu.